Fomu ikuti sukulu ili bwino, makolo akuti iai. Tikhulupirire ziti?

MaiWaMapasa:
Anzanga a pa gulu lino ndithandizeni maganizo. Ndili mu komiti ya makolo pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Chipata, dzina sinditchula. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana achuluka kwambiri, makilasi ena ana amakhala mpaka pakhomo, ndiye ku miting'i makolo amangodandaula kuti ana sakuphunzira. Tinagwirizana kuti tisamangokamba zapakamwa, tipange fomu ya mafunso makolo ayankhe, tione pamene pali vuto tikapereke kwa ahedi ndi ku ofesi ya DEBS, mkulu wa maphunziro pa boma. Funso lililonse munthu amasankha 1 mpaka 5. Mafomu abwera, pafupifupi onse ndi 4 ndi 5 basi. Aphunzitsi 5, zimbudzi 4, mabuku 4. Chonsecho makolo omwewo ndi amene amandiimitsa pa msika wa Kapata kundiuza kuti mwana wawo wa giredi 4 satha kuwerenga olo dzina lake. Manje ahedi atenga zotsatirazo ati onani, makolo ndi okhutira. Mtima ukundiwawa chifukwa ana anga awiri ali pomwepo. Kodi fomu yotere imapangidwa bwanji kuti inene zoona? Alipo anaphunzira zimenezi pano?

Kanjala_22:
Anagawa mafomuwo ndani? Tiyambire pamenepo.

MaiWaMapasa:
Aphunzitsi a kilasi anapatsa ana kuti akapatse makolo, ana omwewo nkubweza kwa aphunzitsi. Pamwamba panali polemba dzina la mwana ndi giredi yake.

Kanjala_22:
Ndiye basi amai. Ndi kholo liti lingalembe 1 pa mphunzitsi, dzina la mwana wake lili pamwamba, pepalalo nkukafikira mmanja mwa mphunzitsi yemweyo? Olo ine ndikanalemba 5.

MphunzitsiWakale:
Amai, ine ndinagwira choko zaka zambiri ku Chadiza mpaka kupuma pa nchito, mafomu ndawaona amitundumitundu ndipo ambiri amathera mu kabati ya ahedi chiswe nkudya. Mukafuna kudziwa ngati pa sukulu pakuphunzitsidwa, lowani mkilasi mosachenjeza, mutenge makope a ana okhala kumbuyo, osati akutsogolo, muone deti lomaliza limene mphunzitsi anachonga ndi bolopeni yofiira. Kenaka muitane mwana mmodzi awerenge zimene analemba yekha dzulo. Akalephera kuwerenga zolemba zake zomwe, dziwani kuti amangokopera pa bolodi. Zimenezi sizifuna 1 mpaka 5.

WaMasamu:
Aphunzitsi athu, zimene mwafotokozazo nazonso ndi chida choyezera, kungoti chili mmutu mwanu. Inu mutapuma nachonso chinapuma, ndipo munthu wina akalowa mkilasi yomweyo akhoza kuona zina. Timalemba pa pepala kuti aliyense ayeze mofanana.

Amai a mapasa, ndiyankha motalika chifukwa ndi zimene ndikulimbana nazo pa research yanga. Chida chilichonse choyezera timachifunsa mafunso awiri. Loyamba, chikayeza chinthu chomwecho kawiri chimanena zofanana? Ku yunivesite amati reliability. Lachiwiri, chikuyezadi chimene ife tikuti chikuyeza? Imeneyo ndi validity. Taganizani za sikelo za ogula soya mmidzimu. Ilipo ina yoti thumba lomwelo mukaliika katatu imanena 48, kenaka 51, kenaka 46, imeneyo aliyense amaiona kuti ndi yakufa. Koma ilipo ina yoti anaikhotetsa dala, thumba la 50 imanena 45 tsiku lililonse osaphonya. Iyi siisintha mawu koma ndi yabodza, ndipo ndi yoopsa kuposa yoyamba ija chifukwa imaoneka yodalirika. Fomu yanu ili ngati yachiwiriyi. Mukaigawanso mawa mudzapeza 4 ndi 5 yemweyo, koma chimene ikuyeza ndi mantha ndi ulemu wa makolo, osati kuphunzira kwa ana.

Ndiye musanalembe funso olo limodzi, khalani pansi ngati komiti mugwirizane kuti mukati sukulu yabwino mukunena chani. Ana kudziwa kuwerenga? Mphunzitsi kupezeka mkilasi? Madesiki, madzi, zimbudzi za atsikana? Chilichonse chili ndi woyankha wake. Za zimbudzi musafunse kholo loti silinalowemo, pitani mukaone nokha kuti zili ndi zitseko ndi zingati. Za kuwerenga muyeseni mwanayo. Kholo mulifunse zokhazo zimene limaona ndi maso ake, monga sabata yathayi mwana anabwerako msanga masiku angati chifukwa mphunzitsi kulibe, kapena kope lake linachongedwa liti.

MlimiWaSoya:
Nkhani ya sikeloyo mwandikhudza pamtima. Chaka chatha kwathu ku Kasenengwa anyamata a ma vendor anabwera ndi sikelo yopachika pa mtengo, thumba loti ndinaliyeza ndekha kunyumba likuchepa ndi makilo angapo, ukafunsa ati soya yako ndi yonyowa. A Zambia Metrology Agency ndi amene amayenera kuziyesa sikelozi nkuikapo chidindo, koma kumudzi amafikako kangati?

Kanjala_22:
Nchifukwa chake ena amadikira FRA, bungwe la boma logula mbewu, olo ndalama ichedwe.

MlimiWaSoya:
Kudikira ndi kwa amene alibe ngongole ya feteleza akulu. Munthu mwana akudwala ungadikire?

AdminWaGulu:
Za soya tidzatsegula nkhani yake payokha, ndi yofunika. Pano tiwathandize amaiwa.

NamwinoWaKumudzi:
Ine ndikambe za kuchipatala chifukwa ndi matenda amodzi. Pa kiliniki ina yomwe ndinagwirako nchito kunabwera anthu ofunsa odwala potuluka. Anaima pafupi ndi khomo lenileni, ife tili pomwepo tikumva, akufunsa kuti mwakhutira ndi thandizo? Mai woti wafika mbandakucha, wakhala pa benchi mpaka dzuwa pamutu, mwana kumbuyo akutentha thupi, mankhwala ena tamulembera pa kapepala kuti akagule kutauni, akuyankha kuti ee zikomo kwambiri atithandiza bwino. Anthu akwathu sanyoza munthu amene adzamufunenso mawa. Lipoti linatuluka lokoma, ife ogwira nchito tinadziwa kuti silinali loona ndipo silinatithandize kupempha mankhwala kapena namwino wina.

Funso lakuti mwakhutira ndi lofooka kwambiri kuno. Mufunseni kuti munafika nthawi yanji ndipo munaonedwa nthawi yanji, mankhwala onse amene anakulemberani mwawalandira pompano kapena iai, anakuuzani kamwedwe kake. Pamenepo munthu sakunyoza aliyense, akungonena zimene zachitika. Ndipo mumufunsire kutali ndi geti, wofunsayo asavale yunifomu.

Katete_Girl:
Koma bwanji osangotenga mafomu opangidwa kale ndi akatswiri? Ine pa project yanga ya koleji ndinatenga SERVQUAL pa intaneti, fomu ya mafunso 22 yoyezera mmene makasitomala amaonera thandizo la kampani, nkusintha chabe pamene analemba kampani ndinaika sukulu. Cronbach alpha, nambala yosonyeza ngati mafunso akugwirizana, inatuluka pamwamba pa 0.7 ndipo a supervisor anavomera kuti chida chili bwino. Kuyamba kupanga zanu ndi kutaya nthawi.

WaMasamu:
Asisi, apa sindikugwirizana nanu. SERVQUAL anaipanga Parasuraman, Zeithaml ndi Berry mu 1988 ku America, ndipo anaiyesa pa makasitomala a banki, a makhadi a ngongole, a kampani ya matelefoni ndi okonzetsa zipangizo. Imayang'ana mbali zisanu: zooneka ndi maso, kusunga lonjezo, kuthandiza msanga, kupatsa munthu chikhulupiriro, ndi kusamala za munthu payekha. Kayezedwe kake ndi kusiyanitsa zimene munthu amayembekeza ndi zimene wapeza. Manje ganizirani kholo loti nalonso linaphunzira pansi pa mtengo, limayembekeza zochepa kwambiri, likaona kilasi ya malata ndi mphunzitsi mmodzi lakhutira kale. Kusiyana kutuluka kochepa, inu nkulemba kuti sukulu ili bwino, pamene mwana sakudziwa kuwerenga. Chida chikayesedwa ku banki ya ku America sizitanthauza kuti chayesedwa pa sukulu ya ku Sinda. Chikasamuka malo ndi chilankhulo chiyenera kuyesedwanso.

Za alpha ija, Cronbach anailemba mu 1951 ndipo imangosonyeza kuti mafunso anu akuyendera limodzi. Mukafunsa funso limodzi lomwelo kakhumi mosintha mawu, alpha ikwera bwinobwino. Siinena kuti mukuyeza chinthu choyenera. Ophunzira ambiri timaima pa 0.7 ngati tamaliza, pamene nchito yeniyeni sitinaiyambe.

Katete_Girl:
Chabwino ndamva, koma mukuwapatsa amaiwa nchito ya PhD. Komiti ya makolo ilibe SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera zotsatira, ilibe olo laputopu.

WaMasamu:
Sizifuna laputopu. Choyamba, mafunso mukalemba muwapatse anthu odziwa sukulu, monga aphunzitsi opuma ali pano, mphunzitsi wa pa sukulu ina, ndi kholo limodzi kapena awiri, aliyense payekha anene kuti funso ili ndi lofunika kapena lichoke, ndipo chasowa nchani. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, khalani ndi makolo ochepa mmodzimmodzi, muwerenge funso, musawafunse yankho koma muwafunse kuti mwamva kuti ndikufunsa chani, nenani mmawu anu. Mudzadabwa. Funso loti kodi aphunzitsi amapezeka, wina amva kuti amapezeka mkilasi, wina amva kuti ukawafuna pa foni amayankha, wina amva kuti amakhala mnyumba za pa sukulu. Anthu atatu ayankha mafunso atatu osiyana inu nkuphatikiza ngati limodzi. Muonenso mafunso onyamula zinthu ziwiri, monga aphunzitsi amafika msanga komanso amaphunzitsa bwino. Nanga wofika msanga koma wosaphunzitsa apatsidwe chani? Ligaweni pawiri.

Mukakonza, yesani pa makolo ochepa, padutse masabata awiri, mubwerere kwa omwewo. Ngati pa sukulu sipanasinthe kanthu koma mayankho asinthiratu, funsolo ndi losamveka. Ndipo ngati mungathe, pemphani komiti ya sukulu ina imene aliyense mderamo amadziwa kuti ana ake amachita bwino, nawonso ayese fomu yomweyo. Ikatulutsa zofanana pa masukulu awiri oti mwana aliyense akudziwa kuti ndi osiyana, fomuyo siona, itayeni.

AtateAJuniyo:
Ine ndikuona ngati tikuvutika ndi zinthu zoti boma linapanga kale. ECZ, bungwe la mayeso, ilipo, mayeso a giredi 7 alipo, onani pass rate ya sukuluyo basi. Sukulu yabwino ana amakhoza.

MadamGiredi3:
Atate a Juniyo, mayeso a giredi 7 ndi osankha A, B, C, D, ndipo amabwera mwana atakhala kale pa sukulu zaka zisanu ndi ziwiri. Amai awa akukamba za mwana wa giredi 4, adikire zaka zitatu kuti adziwe? Komanso kukwera giredi si kudziwa. Dziko lathu linalowa nawo mu PISA for Development, mayeso ofanizira maphunziro a maiko osiyanasiyana, ana a zaka 15 analemba mu 2017, ndipo zotsatira zinasonyeza kuti 5 pa 100 okha ndi amene anafika mlingo wochepetsetsa pa kuwerenga, pa masamu 2 pa 100. Amenewo ndi ana oti ali pa sukulu, ena ali ku sekondale. Ine nditamva ndinasowa tulo.

Chida chosavuta choyezera kuwerenga chilipo kale ndipo chinayesedwa kwathu konkuno. Chili mu Catch Up, pulogalamu yothandiza ana otsalira pa kuwerenga ndi masamu, imene anaiyesa koyamba mu 2016 mmasukulu 80 a ku Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, nzeru yake inachokera ku bungwe la Pratham ku India. Chidacho ndi pepala limodzi chabe. Pali zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani. Umakhala ndi mwana mmodzi, ayambe pa ndime, akaiwerenga bwino umamukweza ku kankhani, akalephera umamutsitsa ku mawu, akalepheranso ku zilembo. Mphindi zochepa wadziwa pamene ali. Ndimakumbukira kamnyamata kena kakakulu thupi, kochangamuka, kamene kanali koyamba kukweza dzanja mkilasi tikamaimba limodzi zolembedwa pa bolodi. Nditakhala nako patokha kanaika chala pa mawu oyamba, milomo ikugwedezeka koma mawu osatuluka, kenaka kanayang'ana pawindo. Kanali kanaloweza kuimba kwa anzake. Mkilasi ya ana ochuluka sindikanadziwa.

Amai a mapasa, funsani ahedi ngati sukulu yanu ili mu Catch Up, ngati ili ndiye zotsatira za giredi 3 mpaka 5 zilipo kale pa ofesi, mupemphe kuziona.

MphunzitsiWakale:
Mwana wanga wakamba bwino, koma unenenso mbali inayo. Mphunzitsi akamayesa yekha ana ake, nambala nkupita ku zoni ndi kwa DEBS, iye akudziwa kuti ikachepa afunsidwa, mtima umamunyengerera kumukweza mwana wa pa mawu kumuika pa ndime. Si kuipa mtima, ndi umunthu.

MadamGiredi3:
Zoona atate, zimachitika. Nchifukwa chake pamafunika munthu wachiwiri atenge ana ochepa mwa omwewo awayesenso osaona zimene woyamba analemba. Akasiyana kwambiri ndiye kuti sanagwirizane kuti kulakwitsa kangati ndiye kulephera, akhale pansi agwirizane.

WaKuLundazi:
Chinthu chimodzi simunakambe. Nonse mukuganiza za Chipata ndi Katete kumene mwana amabadwira mchilankhulo chomwe chili mbuku. Kwathu ku Lundazi ndi Chasefu mwana kunyumba amalankhula Chitumbuka, ku Petauke ndi Nyimba Chinsenga, ku Mambwe Chikunda, koma chilankhulo cha kuno chimene chimaphunzitsidwa ku sukulu mchigawo chonse ndi Chinyanja. Mwana wa Chitumbuka akhoza kutchula mawu onse a kankhaniko bwinobwino, mukamufunsa kuti nkhaniyi ikuti chani nkukhala chete. Kodi pamenepo mwayeza kuwerenga kapena mwayeza Chinyanja? Mukaika nambala yake pambali pa ya mwana wa ku Katete nkunena kuti sukulu ya ku Lundazi ndi yofooka, mwaalakwira aphunzitsi a kumeneko. Makolonso chimodzimodzi, fomu ya Chizungu kapena ya Chinyanja cha mbuku agogo a ku Chasefu adzangovomera zonse kuti wofunsayo apite.

WaMasamu:
Mfundo yolemera imeneyi. Mafunso akamasuliridwa, munthu wina amene sanaone oyambirira awabwezere ku chilankhulo choyamba, muone ngati tanthauzo lafika lonse. Koma olo mutatero muyesebe pa anthu enieni a kumaloko, chifukwa omasulira awiri ophunzira akhoza kugwirizana pa mawu oti kumudzi palibe amawanena.

DadaWaVubwi:
Ine nkhawa yanga ndi ina. Mudzayeza bwino, mudzapeza kuti ana sawerenga, kenaka chani? Boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 mu 2022, CDF, ndalama za chitukuko za dera la phungu aliyense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni chaka chomwecho, madesiki tawaona akubwera, koma kwathu mphunzitsi mmodzi akadali ndi kilasi yoti sangathe kuyenda pakati pa ana. Vuto tikulidziwa kale, pepala lisintha chani?

Kanjala_22:
Ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya wadi, amene amabwera ndi pepala amamveka kuposa obwera ndi pakamwa. Ndinakhalako, ndinaona.

DadaWaVubwi:
Amamveka ndi amene ali ndi mbale wake mkomiti.

NamwinoWaKumudzi:
A Dada, kukhumudwa kwanu ndikukumva, koma pali njira ina imene siithera pa pepala. Anzathu a bungwe la CARE ku Malawi anayambitsa Community Score Card mu 2002, poyamba pa zaumoyo. Anthu a mmudzi amakhala paokha, amai paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, amasankha okha zinthu zoti ayeze nkupereka mamalikisi pamodzi ndi chifukwa chake. Ogwira nchito nawonso amakhala paokha kudzipatsa mamalikisi. Kenaka mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a ku boma, nkugwirizana kuti ichi achita ndani ndipo pofika liti. Chimene ndimaikondera ndi chakuti mphunzitsi kapena namwino sakhala woimbidwa mlandu, nayenso amanena zake, kuti choko chinatha, nyumba ilibe, ana ndi ochuluka. Ndipo pa gulu munthu amalimba mtima kunena zimene sangalembe pa fomu ya dzina lake.

WaMasamu:
Ndi yabwino pokonza zinthu pa sukulu imodzi, koma musaigwiritse nchito kufanizira masukulu, chifukwa mudzi uliwonse umasankha zoyeza zake ndipo pa gulu amene ali ndi mawu akulu amakoka anzake. Mai wamasiye wosauka akhoza kukhala chete anduna akalankhula. Ine ndingachite zonse ziwiri, kafomu kakafupi kopanda dzina, ndi kukumana kwa pa gulu.

MphunzitsiWakale:
Ndipo 1 mpaka 5 yanuyo muichepetse. Amai anga sakanasiyanitsa 3 ndi 4. Nenani kuti nthawi zonse, nthawi zina, kapena sizichitika. Osadziwa kulemba muwapatse njere ya chimanga aponye mu kapu imodzi mwa zitatu kuseri kwa chitseko.

MaiWaMapasa:
Zikomo nonse, ndalemba zonse mkope. Ndikaona ndi anzanga a komiti tichotse dzina la mwana, tigawe tokha pa tsiku la miting'i osati kudzera mwa ana, mafunso akhale ochepa a zinthu zimene kholo limaona. A MphunzitsiWakale ndikupemphani mudzatiyang'anire mafunsowo tikalemba. Chondivuta ndi chimodzi, kuyesa ana kuwerenga ife makolo tingaloledwe? Ahedi akhoza kuona ngati tikuwathira mphepo aphunzitsi awo, ndipo sindifuna chidani, aphunzitsi ena pamenepo amagwira nchito ndi mtima wonse.

MadamGiredi3:
Musayese ana pa sukulu popanda chilolezo amai, zingakuvuteni. Yambani ndi ahedi, muwauze kuti cholinga ndi kupeza ana ofunika thandizo, osati kupeza mphunzitsi wolakwa, ndipo zotsatira zisalembedwe ndi dzina la mphunzitsi. Mupemphe kuti mphunzitsi mmodzi ndi kholo limodzi akhale limodzi poyesa. Akakana, lemberani kalata ku ofesi ya DEBS, kuli ma standards officer, nchito yawo ndi yomweyi. Mwana wanu yekha kunyumba palibe angakuletseni, mupatseni buku la giredi 2 awerenge mokweza madzulo ano.

MphunzitsiWakale:
Tumizani ku inbox, ndidzawaona. Musapitirire tsamba limodzi.

MlimiWaSoya:
Ndipo miting'iyo musaiike nthawi yopalira kapena sabata yolandira feteleza, mudzapeza makolo a mtauni okhaokha, a kumunda onse kulibe, ndiye mudzamva mbali imodzi. Dikirani anthu akolole.

AtateAJuniyo:
Kukolola ndi May uko, term yoyamba yonse idutse ana ali chomwecho? Achite Loweruka masana anthu ataweruka kumunda, kapena apemphe kumatchalitchi alengeze, anthu akatuluka mapemphero adutsire pa sukulu.